Ndalama Yatuluka, Koma Yafika? Ntchito ya Middleware Pakati pa Mabuku a Bizinesi ndi Njira Zolipirira Mabilu

Magetsi akatha usiku nsima isanapse, palibe amene amaganiza za makompyuta. Mumangotenga foni, kuimba *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, kusankha zogula mayunitsi a ESCOM, kulemba nambala ya mita, ndalama, kenako nambala yachinsinsi. Posakhalitsa uthenga walowa wokhala ndi manambala 20 aja. Mwawalowetsa mu mita, nyumba yawala.

Pa kanthawi kochepako makompyuta a makampani osiyana alankhulana maulendo angapo. Kompyuta ya kampani ya foni imadziwa ndalama zomwe zili mu akaunti yanu, koma za mita yanu sidziwa kanthu. Ya ogulitsa magetsi imadziwa mita yanu ndi mtengo wa yuniti, koma ndalama za pafoni yanu singazikhudze. Pakati pa ziwirizi pamakhala pulogalamu ina yomwe inu simuiona, imene akatswiri amaitcha middleware. M'Chichewa tingangoti mkhalapakati, ndipo ntchito yake ndi ya ankhoswe. Pa tsiku la ukwati ankhoswe amaoneka ngati alendo olemekezeka chabe, onyamula mawu kuchoka kuchimuna kupita kuchikazi. Ntchito yawo yeniyeni imadzaoneka banja likagwedezeka, uyu akunena zake, uyo akunena zake. Middleware nayo ubwino wake suonekera pa tsiku limene zonse zikuyenda. Umaonekera pamene ndalama yatuluka koma tokeni sinabwere.

Tisiye kaye makampani akuluakulu. Tiyerekeze sukulu ya pulayiveti ya ana 800. Akauntanti wake amalemba zonse mu pulogalamu ya mabuku a ndalama monga Sage kapena QuickBooks: mwana aliyense ali ndi nambala yake, ndipo teremu iliyonse amamulembera invoisi. Makolo ena amakalipira fizi pakauntala ku banki, ena amatumiza pa Mo626, ena pa Mpamba. M'mawa uliwonse akauntanti amatsitsa sitetimenti n'kuyamba kulowetsa pamanja, mzere ndi mzere. Pamzere wina pali K150,000 ndi dzina lomwe mulibe m'kaundula wa makolo. Ndi amalume ake a mwana, ali ku Johannesburg, anatuma mnzawo kuti awalipirire, ndipo nambala ya mwana sinalembedwe. Ndalamayo imakakhala mu suspense account, thumba la ndalama zosadziwika mwini wake, ndipo Lolemba mwana akubwezedwa pageti kuti sanalipire. Ndalama ili mu akaunti ya sukulu, mwana ali panjira kubwerera kwawo. Kwa ine nkhani yonse ya middleware imayambira pa mwana ameneyu.

Gwero la vutoli ndi lakuti mbali ziwirizi zimafunsa mafunso osiyana. Pulogalamu ya bizinesi, kaya ndi SAP, Odoo, Microsoft Dynamics kapena ina yopangira mabilu a madzi, imafunsa kuti ndani ali ndi ngongole, ya chiyani, ya mwezi uti. Njira yolipirira imangodziwa kuti nambala yakuti yatumiza ndalama zakuti pa nthawi yakuti. Wina ayenera kumanga mfundo pakati pa mayankho awiriwa. Akapanda kuimanga makina, aimanga munthu wotopa ndi maso ake.

N'zotheka kulumikiza pulogalamu ya bizinesi mwachindunji ku banki iliyonse ndi kampani iliyonse ya foni, ndipo mabungwe ambiri amayamba choncho. Koma tawerengani. Bungwe likakhala ndi mapulogalamu 3, ya mabilu, ya mabuku a ndalama ndi yotumizira makasitomala mauthenga, kwinaku njira zolipirira zili 6, milumikizo imakwana 18, uliwonse ndi kalembedwe kake. Mukaika mkhalapakati imatsika kufika pa 9, chifukwa aliyense amangolankhula ndi iye. Banki ikasintha kalembedwe ka mauthenga ake mumakonza malo amodzi. Maganizo omwewa ndi amene anabala National Switch mu 2015: m'malo moti banki iliyonse ikokere chingwe kwa inzake iliyonse, onse amakumana pamalo amodzi.

Zomwe zimachitika ndalama isanasunthe

Ntchito yoyamba ya middleware ndi kufunsa. Kholo likalemba nambala ya mwana pafoni, njira yolipirira imatumiza funso kwa mkhalapakati, iye amafunsa pulogalamu ya sukulu, yankho limabwerera: nambalayi ilipo, dzina ndi lakuti, ngongole ndi yakuti. Nambala ikakhala yolakwika, malipiro amakanidwa pomwepo ndalama ikadali m'manja mwa mwini wake. Ku Kenya, Safaricom inakonza zimenezi momveka bwino mu Daraja, khomo lomwe mabizinesi amalumikizira mapulogalamu awo ku M-Pesa. Bizinesi imalembetsa maadiresi awiri, ina yofunsirako ngati malipiro alandiridwe, ina yodziwitsirako kuti ndalama yalowa. Sitepe ya kufunsayi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, koma ndi imene imaphwetsa kwambiri thumba la ndalama zopanda mwini lija.

Kenako pamabwera kumasulira, ndipo apa pali tinthu ting'onoting'ono tomwe timagwetsa anthu. Makina a makadi, monga ATM ndi POS, amalankhula ISO 8583, chilankhulo chomwe chinakhazikitsidwa mu 1987. M'menemo ndalama imalembedwa ndi manambala 12 opanda kadontho, kuwerengera matambala, choncho K15,000 imaoneka chonchi: 000001500000, ndipo kwacha ya Malawi imadziwika ndi nambala 454. Mabanki akusamukira ku chilankhulo chatsopano cha ISO 20022, cholembedwa mu kalembedwe kotchedwa XML, ndipo mu Novembala 2025 SWIFT, netiweki yomwe mabanki a maiko osiyanasiyana amatumizirana mauthenga, inatseka nyengo yomwe mauthenga akale ndi atsopano olipirira ndalama pakati pa maiko ankayendera limodzi. Makampani a foni kawirikawiri amapereka API, khomo lolumikizira mapulogalamu, yolankhula kalembedwe kena kotchedwa JSON. Pulogalamu yakale ya mabilu mwina imangodziwa kuwerenga fayilo ya CSV yoikidwa m'foda inayake usiku. Womasulira akaiwala kuti mbali ina imawerenga matambala pomwe ina imawerenga makwacha, munthu wolipira K15,000 amalembedwa kuti walipira K1,500,000.

Nthawi nayo imasokoneza. Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, imene maseva ambiri amagwiritsa ntchito. Munthu akalipira 1 koloko usiku pa 1 Julayi, seva yotere ilemba kuti walipira 11 koloko usiku pa 30 Juni. Kwa akauntanti yemwe watseka kale mabuku a Juni, ameneyo ndi mutu waching'alang'ala. Nambala za foni chimodzimodzi: uyu amayamba ndi 0, uyo ndi 265, wina ndi +265, ndipo kompyuta imaona anthu atatu pomwe pali mmodzi.

Pamene yankho lasowa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pempho lililonse la malipiro lingathe m'njira zitatu. Latheka, lakanika, kapena sitikudziwa. Ziwiri zoyambazo n'zosavuta. Yachitatuyo ndi imene imasiyanitsa middleware yabwino ndi yongolumikiza mawaya.

Taganizirani kuti mkhalapakati watumiza pempho kwa ogulitsa mayunitsi kuti apange tokeni ya K10,000. Wadikira, yankho silinabwere. Mwina pempho silinafike n'komwe, netiweki inadukira panjira. Mwinanso linafika, tokeni inapangidwa, koma yankho ndi lomwe linatayika pobwerera. Kuchokera pomwe waima mkhalapakati, ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi: chete. Akaganiza kuti lakanika n'kubweza ndalama kwa kasitomala, pomwe tokeni inapangidwa, wogulitsa wataya K10,000. Akangotumizanso pempho latsopano, pangapangidwe matokeni awiri pa ndalama imodzi. Akangokhala osachita kanthu, kasitomala ali mumdima ndipo ndalama yake yapita.

Mankhwala ake ndi nambala imodzi yosabwerezeka yomwe imaperekedwa kwa malipiro aliwonse asananyamuke, transaction ID imene mumaiona pa uthenga uja. Mkhalapakati amayamba wailemba m'kaundula wake, kenako n'kutumiza pempho. Yankho likasowa, amatumizanso ndi nambala yomweyo, kapena kufunsa kuti nambala yakuti inatha bwanji. Wolandira akaiona kachiwiri sapanganso tokeni ina, amangobwereza yankho loyamba lija. Akatswiri amati idempotency, kutanthauza kuti pempho limodzi, ngakhale litafika kasanu, lichitike kamodzi kokha. Zikumveka zophweka, koma zimafuna kuti mbali zonse zigwirizane. Pulogalamu ya bizinesi ikakhala yongolemba lisiti latsopano nthawi iliyonse yomwe yauzidwa, udindo wonse wokumbukira umagwera mkhalapakati, ndipo ayenera kukumbukira ngakhale magetsi atazima pakati pa ntchito. N'chifukwa chake kulemba kumayamba, kutumiza kumatsatira.

A makadi anazilingalira kale zimenezi. Mu ISO 8583 pempho ndi uthenga wa 0200, yankho lake ndi 0210. Yankholo likapanda kufika pa nthawi yake, wotumiza amatulutsa uthenga wobweza, monga 0420, wonena kuti chilichonse chomwe chinachitika pa pempho lija chifafanizidwe, ndipo amaubwereza mpaka wina avomere kuti waumva. Ndi chifukwa chake ATM ikakudulani ndalama osatulutsa kanthu, nthawi zambiri imabwerera yokha.

Koma si chilichonse chimabwezeka. Bilu ya madzi yolipira pambuyo pogwiritsa ntchito ingathe kudikira: ndalama yalandiridwa, pulogalamu ya mabilu yagwa, uthenga uima pamzere mpaka idzuke. Mapulogalamu monga IBM MQ, RabbitMQ ndi Apache Kafka ntchito yawo ndi imeneyi, kusunga mauthenga pamzere kuti asatayike wolandira akakhala palibe. Uthenga womwe wakanika mobwerezabwereza umapatulidwa n'kuikidwa pamzere wina woti munthu adzauone, ndipo bungwe lomwe lilibe munthu woyang'ana mzere umenewo tsiku ndi tsiku langosamutsa suspense account kuchoka m'mabuku kupita pa seva. Tokeni ya magetsi siingadikire choncho, chifukwa munthu waima pa mita. Siingafafanizidwenso ikafika m'manja mwake, chifukwa mita yambiri yotere silankhula ndi kompyuta iliyonse, imangowerenga manambala omwe yalowetsedwa. Choncho ndondomeko imasintha malinga ndi chomwe chikugulitsidwa: pa zinthu zosabwezeka ndalama imayamba yagwidwa, katundu amatuluka pambuyo, ndipo chete akachitika mkhalapakati amafunsa kaye asanabweze kanthu.

Pali chinthu china chomwe eni mabizinesi ambiri amachedwa kuchimvetsa. Uthenga wakuti kasitomala walipira si ndalama. Ndalama za pafoni zimaimira ndalama zenizeni zosungidwa ku mabanki mu trust account, monga amafunira malamulo a Reserve Bank of Malawi. Kasitomala akalipira 10 koloko m'mawa, pulogalamu yanu imamulembera lisiti nthawi yomweyo, koma ndalama imadzafika mu akaunti yanu ya ku banki pambuyo pake, mwina mawa lake, itaphatikizidwa ndi malipiro ena onse a tsikulo, ndipo nthawi zina komishoni itachotsedwa kale. Ikakhala yochokera ku banki ina imadutsanso m'njira zolipirana mabanki okhaokha monga MITASS. M'mabuku muli malisiti 400, ku banki kuli mzere umodzi, ndipo mzerewo sukufanana ndi chiwerengero cha malisitiwo.

Ndiye tsiku lililonse pafunika kuyerekeza mabuku atatu: kaundula wa mkhalapakati, lipoti la njira yolipirira, ndi sitetimenti ya ku banki, yomwe makina amaiwerenga ikabwera mu kalembedwe ka masitetimenti ka MT940 kapena camt.053. Ntchitoyi amati reconciliation. Middleware yabwino imaichita yokha m'bandakucha n'kusiyira akauntanti mizere yochepa yokha yosagwirizana, uliwonse ndi chifukwa chake: iyi ili kwa iwo koma kwa ife kulibe, iyi yalowa kawiri, iyi inalipidwa nthawi yotsekera tsiku itadutsa ndiye ibwera mawa. Ndimakhulupirira kuti bungwe lomwe lagula middleware yopanda gawo limeneli lagula theka la katundu, ngakhale zina zonse zitathamanga chotani.

Pali mafunso ena omwe opanga mapulogalamu sayenera kuyankha okha. Kasitomala ali ndi ngongole ya miyezi itatu ndipo walipira theka: ndalamayo ichotse ngongole yakale kwambiri, kapena ya mwezi uno? Kholo latumiza ndalama imodzi ya ana atatu: igawidwe bwanji? Munthu walipira mopitirira: zotsalazo zimusungikire kapena zibwezedwe? Komishoni ilembedwe pati? Awa ndi malamulo a bizinesi, ndipo akapanda kulembedwa ndi a ku maakaunti ntchito isanayambe, wopanga pulogalamu amangosankha chomwe chamuonekera chapafupi. Zotsatira zake zimadzatulukira pa nthawi ya odita, patapita chaka.

Za chitetezo ndinena mwachidule, ngakhale n'zazikulu. Tonse tikuwadziwa mauthenga abodza aja akuti ndatumiza ndalama molakwika, ndibwezereni. Chinyengo chomwecho chingachitikire makina. Ngati adiresi yomwe mkhalapakati amalandirirako zidziwitso ili yotseguka kwa aliyense pa intaneti, wakuba angatumize uthenga wakuti invoisi yakuti yalipidwa, pulogalamu n'kulemba lisiti. Choncho uthenga uliwonse uyenera kubwera wobisidwa ndi TLS (njira yobisira mauthenga pa intaneti), wosainidwa ndi kiyi yomwe mbali ziwiri zokha zikuidziwa, wochokera ku maseva odziwika, ndipo pa ndalama zambiri mkhalapakati afunsenso yekha kwa mwini njirayo asanakhulupirire. Nambala za makadi asazisunge n'komwe ngati sangakwanitse zofuna za PCI DSS, malamulo otetezera nambala za makadi. Ngakhale sitepe yabwino ija yoonetsa dzina ili ndi msampha wake: munthu angamalembe manambala motsatizana n'kutolera maina ndi ngongole za anthu. Poti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, kuonetsa zochepa zokwanira kuti wolipira atsimikize, osati zonse, ndi nzeru komanso udindo.

Zinthu zimasinthanso pansi pa mapazi. Matokeni a manambala 20 amatsata muyezo wa STS, womwe unayambira ku South Africa. M'kati mwa tokeni iliyonse muli nambala yowerenga mphindi, kale kuchokera pa 1 Januwale 1993, yomwe imathandiza mita kukana tokeni yogwiritsidwa kale ntchito. Malo osungira nambalayi amakwana mphindi 16,777,216 zokha, zomwe ndi zaka pafupifupi 32, ndipo zinadzaza pa 24 Novembala 2024. Tsikulo lisanafike, mita iliyonse inayenera kulandira matokeni awiri apadera osinthira kiyi yake yachinsinsi. Taonani tsono zomwe izi zikutanthauza kwa mkhalapakati: uthenga womwe kwa zaka zonse unkanyamula tokeni imodzi tsopano unayenera kutha kunyamula atatu, m'ndondomeko yoyenera. Pomwe njira zonse zolipirira zimadutsa pamalo amodzi, kusintha kotere kumakonzedwa kamodzi. Pomwe aliyense anakoka chingwe chake, kumakonzedwa kwa aliyense payekha.

Komabe kuika zonse pamalo amodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo ogulitsa mapulogalamu sakonda kuutchula. Mkhalapakati akagwa, njira zonse zagwa limodzi. Akakhala kuti anamupanga munthu mmodzi yemwe anasiya ntchito osasiya zolemba, bungwe limaopa ngakhale kumukhudza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Bungwe lalikulu lingagule zida monga MuleSoft kapena kumanga pa Apache Camel n'kulemba anthu ake oziyang'anira, ndi seva yachiwiri yodikira pambali. Sukulu ya ana 800 ija sifunika zonsezo. Ingadutse kwa makampani omwe amasonkhanitsa njira zambiri zolipirira pakhomo limodzi, monga PayChangu kuno kwathu, n'kungomanga kachingwe kamodzi kolowa m'mabuku ake. Koma kaya mwamanga nokha kaya mwabwereka, kaundula wa malipiro onse akhale wanu, woti mutha kumutsitsa nthawi iliyonse osapempha chilolezo, ndipo m'pangano mulembedwe kuti malipiro okakamira adzathetsedwa m'maola angati komanso woimbiridwa foni ndani Loweruka usiku.

Wogulitsa akabwera kudzaonetsa pulogalamu yake, adzakusonyezani malipiro omwe ayenda bwino, lisiti likutuluka m'kuphethira kwa diso. Mupempheni zina, pa seva yoyeserera, akauntanti wanu ali pompo. Atumize chidziwitso chimodzi cha malipiro kawiri, muone ngati malisiti atuluke awiri. Azule chingwe cha netiweki pempho litangonyamuka, achibwezeretse pakatha mphindi khumi, muone chomwe chachitikira ndalama ya kasitomala. Azimitse pulogalamu ya mabilu kwa ola lathunthu anthu akulipira. Alipire 11:59 usiku pa tsiku lomaliza la mwezi, alipirenso ndi nambala ya mwana yemwe kulibe. M'mawa mwake tsegulani mabuku, muike pambali pa sitetimenti, muwerenge limodzi mzere ndi mzere.